Dzina Limodzi, Makomo Awiri

Papepala dzinalo linali limodzi, Zeuner, koma pakamwa linali pawiri. Kwathu ku Lanús, kutsidya kwa mtsinje wonunkha uja, aliyense ankati Seuner, monga momwe zilembozo zimawerengekera m'chilankhulo cha kuno kwa munthu amene anaphunzira sukulu ya boma. Ngakhale amene anabwera nalo pa sitima ya pamadzi, Don Otto, Mjeremani wosula makiyi, analeka kuwongolera anthu chaka choyamba chomwe. Ankati dzina ndi kiyi, likatsegula chitseko basi. Koma kumpoto kwa mzinda, ku Palermo, kumene nyumba yosanja iliyonse ili ndi dokotala wa maganizo ndi kasofa kake kogonekapo anthu kuti aziulula za ubwana wawo, dzinalo ankalitchula mwa Chijeremani kuti Tsoina, milomo ataisongola. Munthu akalitchula mwa kwathu, iwo ankayamba amuyang'ana nsapato.

Amene anawolotsa dzinalo mtsinje uja ndi mwana wa Don Otto, Leopoldo. Ali mnyamata wosauka wophunzira udokotala, anakwatira Elvira Sosa, mtsikana wosoka malaya pa fakitale, ndipo ukwatiwo anaulembetsa kuboma ndi kutchalitchi komwe. Elvira anasoka mpaka maso kufiira kuti mwamunayo amalize maphunziro. Anabereka mwana mmodzi, Ofelia. Mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Leopoldo anawoloka mlatho ndi sutikesi imodzi, osabwereranso. Masiku amenewo lamulo silinkalola kuthetsa ukwati, choncho anachita zomwe anthu apamwamba ankachita: anatumiza makalata ku Mexico, pepala lothetsa ukwati linabwera pa positi, ndipo ndi pepala limenelo anakhala ndi mkazi wina, Inés, mwana wa loya, n'kubereka naye ana awiri. Ku Palermo pepalalo ankalilemekeza. Ku ofesi ya boma silinali loyenera ngakhale kukulungira nsomba.

Ofelia anakula, anaphunzira kutayipa ku sukulu ya madzulo, analowa ntchito mu ofesi ya fakitale ya nsapato. Sanakwatiwe. Bambo ake anatchuka, anatsegula sukulu yawoyawo ya madokotala a maganizo, ndipo dzina lawo linkamveka pa wailesi. Kuchipatala, kubanki, paliponse pamene Ofelia ankapereka chiphaso, wina ankadzutsa mutu.

"Kodi ndinu wachibale wa Dokotala Tsoina?"

"Ayi. Ine ndine Seuner."

Ankayankha choncho zaka zonse, ndipo ankaona kuti poyankha motero akuimira amayi ake.

Leopoldo anamwalira Lolemba lina m'nyengo yozizira ya 1986. Lachiwiri m'mawa Doña Elvira anali atakhala kale patebulo la kukhitchini, nyuzipepala yaikulu ija itayalidwa, galasi lokulitsa zilembo lili m'manja. Nyuzipepalayo ankaigula tsiku ndi tsiku chifukwa cha tsamba limodzi lokha, la zidziwitso za maliro, pamene mabanja amalengeza wakufa ndi kundandalika mayina a otsala. Amene amadziwa kuwerenga tsambalo amadziwa zonse za mumzinda: amene anakondedwa, amene anakangana ndi abale ake, amene wasiyidwa dala.

"Makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi," anatero Doña Elvira. "Zonsezi za iye yekha. Ophunzira ake, anzake, mpaka anthu a m'nyumba yosanja yomwe ankakhala. Werenga chapamwambacho iwe, maso angawa akundinamiza."

Ofelia anawerenga ataimirira, chikho cha tiyi wa yerba chili m'manja. "Leopoldo Zeuner, dokotala. Mkazi wake Inés, ana ake Martín ndi Clara, adzukulu ake..."

"Bwereza poyambapo."

"Mkazi wake Inés."

"Mkazi wake," anatero mayiyo pang'onopang'ono. "Ndiye ine ndine ndani? Mphaka wake?"

Doña Porota, wa nyumba yoyandikana nayo, anali atalowa kale osagogoda monga mwa masiku onse, atanyamula mabanzi. "Iwe Elvira, usandiuze kuti ulira. Mwamuna wokusiya ndi mbale zakuda zaka makumi anayi zapitazo? Wanga Tito anafera pabedi langa, ndinalira masiku awiri, lachitatu ndinakagula wailesi."

"Wako Tito analibe dzina, Porota. Anali ndi ludzu."

"Koma ludzu lakelo linkagona kunyumba!"

Doña Elvira sanaseke. Anadzuka atagwira m'mbali mwa tebulo, analowa kuchipinda, anabwera ndi kanthu kokulungidwa mu mpango. Kanali kabuku ka ukwati, kofiirira, m'makona mwake mutatha. Anakaika patsogolo pa mwana wake.

"Upite ku nyuzipepala ukalembetse chathu. Mkazi wake Elvira Sosa de Zeuner, mwana wake Ofelia. Chituluke mawa, tsiku lomuika. Koma uyambe wadzera kusiwa ukamuone nkhope. Ine miyendo iyi sindingakwere sitima."

"Mamá, munthu amene sanatifune ali moyo..."

"Sindikupempha munthuyo. Ndikufuna mzere umodzi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi ndakhala chete kuti ndisamuwonongere ntchito. Ntchito yatha tsopano. Mawa akamamukwirira anthu awerenge kuti anali ndi mkazi."

Ofelia anaika kabukuko m'chikwama. Anavala jasi lake lakuda, anaimba telefoni ku fakitale, anakakwera sitima.

Maliro anali ku sukulu ya malemuyo, nyumba yakale ya zitseko zazitali, pakhoma pali chitsulo chonyezimira cholembedwa dzina. Nkhata za maluwa zinali zitadzaza mpaka pamsewu. M'kati munali utsi wa fodya ndi anthu ambiri a ndevu ndi magalasi, olankhula motsitsa mawu. Pakhomo panaima mayi wa imvi zodulidwa bwino, atagwira buku losainamo okhuza. Ofelia anamva wina akumutchula kuti Dokotala Otamendi.

"Dzina lanu, Señora?"

"Ofelia Seuner."

"Pepani?"

Ofelia anatenga cholembera n'kulemba yekha. Mayiyo anayang'ana. "Aa, Tsoina."

"Kwathu timati Seuner."

"Ndinu ndani wake?"

"Mwana wake woyamba."

Dokotala Otamendi sanadzidzimuke. Anapendeketsa mutu pang'ono, nkhope yake inafewa, ndipo anamuyang'ana Ofelia monga namwino amayang'anira munthu amene wafika ndi bala lodziwika.

"Mwana wake. Ehe. Lero afika kale anthu atatu onena mawu omwewo. Zimachitika, musachite manyazi. Munthu ukamuuza dokotala wako zamumtima zaka zambiri, mtima umamusandutsa bambo. Inu munagona pa sofa yake zaka zingati?"

"Pa sofa yake sindinagonepo. Ndinkagona pamiyendo pake, mpaka ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

"N'zochititsa chidwi kuti mwatchula zisanu ndi ziwiri."

Ofelia anatulutsa kabuku kaja. "Tsegulani. Tsamba lachiwiri pali amayi anga, lachinayi pali ine."

Mayiyo sanakakhudze. "Mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani mumafuna kuyenda ndi pepala?"

"Chifukwa anthu ngati inu mumafunsa."

"Nanga ndikafunsa mukumva bwanji?"

"Ndikumva kuzizira, Señora. Mwandiimika pakhomo."

Mayiyo sanali woipa mtima. Zaka makumi awiri anaphunzitsidwa ndi malemu yemweyo kuti munthu akanena chinthu, choona chimakhala kuseri kwa mawuwo, ndipo anazolowera kusuzumira kuseri mpaka kulephera kuona choima patsogolo pake. Anali atayamba kale kufufuza m'thumba khadi la mnzake wina woti Ofelia akaonane naye pamene bambo wina wa jekete lakuda anaima kumbuyo kwake. Anali wa zaka za m'ma makumi atatu, maso otupa. Anamuyang'ana Ofelia makutu. Anali makutu a Don Otto, aakulu, oima ngati zogwirira za poto, ndipo bamboyo anali nawo omwewo.

"Alekeni alowe, Dokotala," anatero. "Ndine Martín. Tiyeni."

Anamudutsitsa pa bokosi. Ofelia anaima. Ulendo wonse wa pa sitima anali atakonzekera mkwiyo, koma m'bokosimo munagona kankhalamba kakang'ono, kouma, milomo itamatidwa. Anafufuza munthu amene ankamunyamula paphewa kupita naye kukaona sitima, sanamupeze. Chomwe anaona n'chakuti kolala ya malaya inasitidwa molakwika, nsonga ina itapindikira m'kati. Dzanja lake linanyamuka lokha kuti liwongole, koma analibweza.

Martín anamulowetsa m'kachipinda ka mabuku ndi kutseka chitseko. Munali mpando umodzi wachikopa ndi sofa yaitali yokhala ndi katsamiro kumutu. Onse awiri anakhala chiimire.

"Ndimadziwa za inu," anatero Martín. "Papá anandiuza zaka zisanu zapitazo."

"Anati chiyani?"

"Anati unali ukwati wa paubwana."

"Ubwana umenewo ndi umene unamulipirira mabuku awa." Ofelia anati atatero anadziletsa, chifukwa munthuyo anali namfedwa. "Sindinabwere kudzachita phokoso. Ndamuona. Ndikuchoka pano ndikupita ku nyuzipepala. Amayi anga akufuna chidziwitso chawo."

"Cholembedwa chiyani?"

"Mkazi wake, Elvira Sosa de Zeuner."

Martín anakhala pansi pa sofa ija, anagwira nkhope ndi manja onse. Atadzutsa mutu analankhula ngati munthu amene wakhala akuganizira zimenezi kalekale.

"Tamverani, Ofelia. Mawa ifenso tikutulutsa china, cha tsiku loika. Ndikulonjeza pamaso pa Papá ali apoyu: chidzati ana ake Ofelia, Martín ndi Clara. Inu poyamba, monga mwa kubadwa. Kumanda mudzaima kutsogolo ndi ife, ndidzakugwirani mkono ine. Clara ndilankhula naye, Mamá ndilankhula nawo. Chimodzi chokha ndikupempha: mawu oti mkazi wake asaoneke kawiri pa tsamba limodzi. Amayi anga akhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Miyezi isanu ndi itatu yomalizayi ndi iwo amamusambitsa, kumutembenuza, kumudyetsa ndi supuni. Ali ndi matenda a mtima. Mzinda wonse umawerenga tsamba lija."

Sanali kunama, ndipo Ofelia anadziwa kuti sakunama. Anagwira kumbuyo kwa mpando wachikopa uja.

Ofelia, Martín ndi Clara. Mayina amenewo, mu ndondomeko yomweyo, anawalembapo kale. Ku sukulu ya madzulo ija, ali ndi zaka makumi awiri, aphunzitsi akati aliyense atayipe mzere wakewake kufewetsa zala, iye ankatayipa umenewo, kudzaza tsamba lonse, kenako kuling'amba tizidutswa asanafike kunyumba. Sanauzepo munthu. M'dirowa ya ku ofesi ankasunga chithunzi chodula m'magazini, dokotala ndi ana ake awiri pagombe, ndipo kumanzere kwa Martín kunali mpata wokwanira munthu mmodzi. Zaka zonse zoyankha kuti ayi, ine ndine Seuner, chithunzicho chinali momwemo.

"Ndikaima kutsogoloko," anafunsa Ofelia, "wina akandifunsa kuti amayi anu ndani, ndidzati chiyani?"

"Palibe adzafunse. Anthu athu safunsa zotero."

"Ayi. Amafunsa kuti mukumva bwanji."

Martín anamwetulira mowawa. "Ganizirani. Amayi anu mukhoza kuwauza kuti a nyuzipepala akana. Adzaona dzina lanu pamwamba penipeni. Kodi sizingawakwanire?"

Ofelia anaganiziradi. Anaona amayi ake ndi galasi lija, akutsetsereka nalo mzere ndi mzere mpaka pansi pa tsamba, kenako kuyambiranso pamwamba poganiza kuti alumpha. Anaona dzina lake litatsamira pansi pa mawu oti mkazi wake Inés, ngati kuti anabadwa m'mimba imeneyo. Anachotsa dzanja pampando.

"Ofesi ya zidziwitso amatseka nthawi yanji?"

"Ofelia."

"Ndikafunsa komweko."

Martín anaimirira. Nkhope yake inali itasintha, ya dokotala itabwerera pamwamba pa ya mwana. "Mukatero sindidzathanso kukutsegulirani khomo ili. Osati chifukwa cha mkwiyo. Sindidzatha basi."

"Linali lotseka kale."

"Si ine ndinalitseka."

"Ndikudziwa, m'bale wanga," anatero Ofelia. Aka kanali koyamba kutchula mawu amenewo kwa munthu, ndipo anadziwa kuti n'komaliza.

Ku nyuzipepala, pa windo la zidziwitso za maliro, panali bambo wachikulire wa pensulo kukhutu. Anawerenga kapepala komwe Ofelia analemba, anakweza nsidze.

"Señora, mkazi wake wa ameneyu tinalemba kale dzulo."

Ofelia anaponya kabuku kaja pansi pa galasi. Bamboyo ananyowetsa chala, anatsegula tsamba ndi tsamba, anayang'anitsitsa chidindo cha boma, anaona tsamba la zothetsa ukwati lili loyera.

"Wa dzuloyo munamufunsa kabuku?" anafunsa Ofelia.

"Wa dzuloyo anaimba telefoni." Anakanda m'mutu ndi pensulo ija. "Abwana andidya ndi mano. Komabe kabuku ndi kabuku, ine sindine wansembe. Ndiwerenge mumve ngati zili bwino. Leopoldo Seuner... kapena amati bwanji aja?"

"Momwemo."

"Mkazi wake Elvira Sosa de Seuner ndi mwana wake Ofelia akulengeza za imfa yake. Basi? Osaika wokondedwa, wosaiwalika?"

"Basi."

Analipira, anatuluka. Pa sitima yobwerera anapeza malo pawindo. Atawoloka mlatho anazindikira kuti njira yonse wakhala akugogoda zala pa chikwama, kutayipa mzere uja, ndipo anazipinda zalazo n'kuzilowetsa m'matumba.

Lachitatu m'mawa nyuzipepala inabwera. Pamwamba pa tsamba panali cha ku Palermo: mkazi wake Inés, ana ake Martín ndi Clara. Cha ku Lanús anachiika pansi penipeni, kumapeto kwa zonse, pambuyo pa cha kampani yosindikiza mabuku a malemuyo. Koma chinalipo. Doña Porota anali atachiona kale, ndipo ankakuwa ali kuseri kwa mpanda.

"Elvira! Watuluka m'nyuzipepala usanafe! Lero ku Palermo tiyi awatsamwa!"

Doña Elvira anapukuta galasi lake ndi ngodya ya diresi, anawerama n'kuyamba kuwerenga tsambalo. Ofelia anaima pa sitovu atavala kale za ku ntchito, akudikira. Sankadziwa chimene akudikira. Za m'kachipinda ka mabuku sanawauze, ndipo anali atatsimikiza kuti sadzawauza.

"Anaonda?" anafunsa mayiyo osadzutsa mutu.

"Anaonda."

"Anamuveka malaya otani?"

"Oyera. Kolala anasita molakwika, nsonga ina inapindika."

"Ndinadziwa," anatero Doña Elvira, ndipo mawu awo anamveka ngati a munthu amene wapambana mlandu. "Mwana wa loya angadziwe kusita? Iwe sunawongole?"

"Sindinawongole, Mamá."

Mayiyo anapukusa mutu. Kenako anakhala tsonga, anakonza tsitsi ndi dzanja, anaika chala pansi pa mzerewo ndi kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu pa tsiku la alendo.

"Leopoldo Tsoina. Mkazi wake, Elvira Sosa de Tsoina."

Analitchula bwino lomwe, milomo ataisongola, kuposa Dokotala Otamendi. Ofelia anatembenuka.

"Mamá, mwati chiyani?"

"Ndi mmene ankafunira mwini wake."

"Moyo wanga wonse sindinakumvenipo mukutero."

"Ukanamva bwanji? Ndinkaphunzira pa galasi la kuchipinda iwe uli ku ntchito. Ndinkamvera pa wailesi mmene akutchulira, n'kumabwereza. Ndinkati tsiku lina akadzabwera ndisadzamuchititse manyazi." Anayang'ana mwana wake kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, osati mwaukali, koma mwachisoni. "Iwe ndiwe wouma mutu ngati agogo ako. Seuner, Seuner, ngati wogulitsa malasha. Ukanaphunzira kulitchula bwino, mwina akanakuitana. Mwina lero ukanaima kutsogolo ndi anzakowo."

Wotchi ya pakhoma inali pafupi kukwana naini koloko. Kumanda a Ajeremani ku Chacarita magalimoto anali atayamba kufika nthawi imeneyo. Ofelia anatsegula pakamwa, anayang'ana chala chokhota cha amayi ake chili pa mzerewo, chala chomwe singano inachiboola kambirimbiri, ndipo anatseka pakamwa.

"Ndipatse sizasi," anatero Doña Elvira. "Kapena dula iwe. Usadye zilembo."

Ofelia anatenga sizasi m'dirowa. Anadula mowongoka, monga mwana wa wosoka, mbali zonse zinayi. Kapepalako kanali kochepa kuposa tikiti ya sitima. Amayi ake anakalowetsa m'kabuku ka ukwati, pa tsamba lachiwiri, anakulunga mu mpango uja n'kupita nako kuchipinda. Tsamba lachinayi sanalitsegule.

Patebulo panatsala nyuzipepala yobowoka pansi, pamwamba pake mayina awiri aja ali phee. Ofelia anaipinda, anaika pa mulu woyatsira moto, anatseka mabatani a jasi mpaka m'khosi. Anali atachedwa kale ku ntchito.